Njinga Yosapindika ya a Firmino

Kagalaja ka a Firmino Tavares, kuseri kwa nyumba yawo ku Santarém, kankanunkhabe girizi ngakhale kuti eniake anali atapachika masipanala zaka zitatu zapitazo. Zaka makumi anayi anakhala akukonza njinga m'tauniyo, moti panalibe mwana wokulira kumeneko amene njinga yake sinadutse m'manja mwawo. Dzina loti Firmino linkamveka kutchalitchi ndi kuchipatala kokha. Pamsewu aliyense ankangoti "Amisiri", ndipo iwo dzina limeneli ankalikonda kuposa chakudya. Anali munthu wabwino, wosaumira, woti ukamupeza akudya sakusiya ukuyang'ana. Chilema chawo chinali chimodzi: mawu oti "sindidziwa" anali asanatulukepo pakamwa pawo chibadwire.

Loweruka lililonse ankapalasa njinga ndi kagulu ka anzawo opuma pantchito, onse pamodzi anthu asanu ndi atatu. Mtsogoleri wawo anali a Custódio, amene kale ankagawa makalata, munthu wapakamwa posatseka. Chaka chimenecho kagulu konse kanatengeka ndi njinga zopinda, zija za timatayala ting'onoting'ono zimene ukazipinda zimalowa pansi pa mpando. A Firmino anaziseka mpaka misozi. Ankati munthu wa imvi kukwera chinthu chotero n'chimodzimodzi kuvala kabudula wa mdzukulu wake. Koma pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, mwana wawo Salomé anawagulira imodzi. Mkamwini anaibweretsa itatambasulidwa kale, ili ndi riboni pahandulo. Kabuku ka malangizo a Firmino anakataya m'bini pamodzi ndi katoni.

Salomé anali atafunsa kwa mayi Idalina kumene anagula yawo, choncho njinga ziwirizi zinali za mtundu umodzi. Mayi Idalina, amenenso anali m'kaguluko, anali mphunzitsi wopuma, wamasiye, wofatsa koma wosabisa mawu. A Firmino nawo anali ataika maliro a akazi awo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Paulendo uliwonse awiriwa ankatsalira kumbuyo, ndipo a Firmino ankapopa matayala a mayiwo ngakhale mpweya uli wokwana. Tauni yonse inkaona kumene mtima wawo unaloza. Mawu okha ndiwo anali asanatuluke.

Lachitatu lina kagulu kanakumana pabwalo kukonzekera ulendo wokaona mzinda wa Lisbon. Anagwirizana kuti Loweruka akwera sitima, akazungulira pa njinga, ndipo madzulo akakwera phiri la Graça kukaona mzinda wonse uli pansi. Mayi Idalina anaitana aliyense kuti ayeserere kupinda njinga yake.

"Amisiri, sendezani kuno yanuyo," anatero mayiwo. "Ili ndi kachinsinsi kake. Inenso inandivuta tsiku loyamba."

"Mayi, mukufuna kuphunzitsa nsomba kusambira?" anayankha a Firmino akuseka. "Thandizani a Custódio awo, akupinda chala m'malo mwa njinga."

Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pobalalika mayi Idalina anawatsatira mpaka pangodya ya msewu, akukankha njinga yawo pang'onopang'ono.

"Bambo Firmino, Hélder wandiimbiranso," anatero. Hélder anali mwana wawo yekhayo, wokhala ku Lyon, ku France. "Wapeza nyumba yoyandikana ndi yake. Akuti ndisamukire kumeneko, ndisamakhale ndekha ngati kadzidzi. Mwininyumba akufuna yankho Loweruka, faifi koloko isanadutse."

"Loweruka lomweli?"

"Lomweli. Ine Santarém ndimamukonda, koma makoma sayankhula. Ngati pali wina ali ndi chifukwa choti ndikhalire, ndingakonde kuchimva nthawiyo isanakwane."

Ananena akuyang'ana handulo, osati nkhope yawo. A Firmino anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka chinali chakuti tayala lakumbuyo likuoneka lofewa. Pobwerera kunyumba anadzitukwana njira yonse, kenako anadzilimbitsa mtima. Anati nkhani yotere si yonenera pangodya ya msewu. Akaineneratu pamwamba pa Graça, mzinda uli pansi, mtsinje ukunyezimira. Masiku awiri otsatira anakhala akuyeserera mawuwo pagalasi lometera ndevu.

Lachisanu masana anakumbukira kuti njinga ija anali asanaipindepo. Anatseka chitseko cha galaja n'kuiimika pakati. Chishalo chinatsika bwinobwino. Koma chogwirira cha pakati, chimene chimamasula msana wa njinga kuti ipindike, sichinasunthe. Anakoka, anakankha, anathira mafuta, anagwada n'kusuzumira pansi, koma maso awo anali atayamba kale kuvutika ndi zinthu zapafupi, ndipo magalasi anawakana kalekale ponena kuti ndi a nkhalamba. Anatenga sipanala, kenako anaibweza, poopa kuthyola mphatso ya mwana wawo. Foni inali pathebulo pomwepo. Nyumba ya mayi Idalina inali misewu iwiri yokha kuchokera pamenepo. Koma munthu amene anakana kuphunzitsidwa pagulu akagogoda bwanji kukapempha phunziro? Anapukuta m'manja n'kunena kuti mawa zikadziwika zokha.

M'mawa wa Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo. Pasiteshoni anzawo asanu ndi awiri anapinda njinga zawo, khwapa-khwapa, n'kulowa nazo m'sitima ngati zikwama. A Firmino anayesa kuba ndi maso mmene mayi Idalina anachitira, koma manja a mayiwo anali achangu, ndipo siketi inatchinga pomwe panali pofunikapo.

"Amisiri, pindani tizipita!" anakuwa a Custódio.

"Kupindapinda kumatha mahinji," anayankha a Firmino mwaukatswiri. "Inu simudziwa zitsulo. Ine ndikwera kumbuyo, kumene amaika njinga zazikulu."

Anaima ola lathunthu m'bogi lakumapeto atagwira njinga yawo. Kutsogolo, mayi Idalina anali ataika chikwama pampando wa pambali pawo kuti wina asakhalepo. Anachichotsa sitima itadutsa masiteshoni atatu.

Ku Lisbon anatsikira pafupi ndi mtsinje n'kuyamba kupalasa motsata gombe kulowera ku Belém. Mphepo ya kunyanja inkawomba pang'ono, zombo zikuwoloka, asodzi atatsamira ndodo zawo pampanda. Njinga ya a Firmino inkayenda bwino zedi, moti mumtima anavomera kuti anainyoza pachabe. Apa akanatha kuyandikira mayi Idalina, koma a Custódio anali atadziika pakati, akufotokoza mbiri ya chipilala chilichonse, theka loona theka lopeka. A Firmino sanadandaule. Mawu awo anali osungira paphiri.

Ku Belém anaima pa kanyumba ka khofi kodziwika ndi timakeke ta mazira. Anzawo anapinda njinga n'kulowa nazo, kuzilonga pansi pa thebulo. Woperekera zakudya anayang'ana ya a Firmino n'kupukusa mutu, chifukwa yosapinda inalibe podutsa. Loko analibe, popeza a Custódio anali atauza aliyense kuti njinga yopinda sifuna loko, umalowa nayo paliponse.

"Lowani inu," anatero a Firmino. "Ine ndipume kaye mphepo. Shuga adokotala anandiletsa."

"Adokotala ati?" anafunsa a Custódio. "Si inu munadya makeke atatu pa ubatizo sabata yathayi?"

"Ndiye chifukwa chake anandiletsa."

Patapita kanthawi mayi Idalina anatuluka atanyamula kakeke kotentha papepala, kowazidwa sinamoni.

"Ndakusungirani mpando mkatimu," anatero. "Pafupi ndi windo."

"Zikomo mayi, koma kuno kuli bwino."

"Bambo Firmino, kodi pali vuto ndi njingayi? Ngati ikuvuta, nenani. Ndi kanthu kakang'ono."

Khomo lonenera zoona linali litatseguka pamenepo, lotakasuka, loti ngakhale ngolo n'kudutsa. Panalibe wina womva. Koma a Firmino anaona nkhope ya mayi amene ankafuna kumufunsira madzulo omwewo, ndipo anaganiza kuti sangayambe tsiku lotere ndi kuoneka chitsiru.

"Vuto? Pa njinga? Kwa ine?" Anaseka mokweza kuposa mmene nthabwalayo inkafunira.

Mayi Idalina anawayang'ana kanthawi, anawapatsa kakekeko, n'kubwerera mkati.

Chakudya chamasana chinayenda chimodzimodzi. Anzawo anakhala m'kalesitilanti kopanikiza akudya nsomba za sadini zootcha ndi mbatata, vinyo akuzungulira. A Firmino anadyera panja, pakathebulo ka m'mbali mwa msewu, mwendo umodzi utakola njinga, akunena kuti utsi wa mkati umawatsokomoletsa. Kudzera pagalasi ankaona mpando wopanda munthu pafupi ndi mayi Idalina.

"Koma amwene, mwaikwatira njingayo?" anatero a Custódio potuluka, akutokosa m'mano. "Tiuzeni tikonze ukwati. Chibwenzi chotere sindinachionepo."

Itangodutsa folo koloko anafika pansi pa phiri, pamene pamaima tramu, kasitima kachikasu koyenda mumsewu, yokwera ku Graça. Misewu ya kumeneko ndi yoimirira, yoyalidwa miyala, ndipo kagulu ka anthu a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi sikakanayesa n'komwe kuikwera pa njinga. Tramu itafika, anzawo anakwera mmodzimmodzi, aliyense atakumbatira njinga yake yopinda. Woyendetsa anatambasula dzanja kutsogolo kwa a Firmino.

"Madala, pindani kaye. Yotere simalowa muno."

A Firmino anayang'ana wotchi. Inali itatsala mphindi makumi anayi kuti ikwane faifi koloko. Mayi Idalina anali ataima pakhomo la tramu, phazi limodzi lili pasitepe, akuwayang'ana. Chimene chinkafunika chinali kungoti, "Mayi, tandithandizani." Anthu a m'tramu anali atasuzumira m'mawindo, woyendetsa akugogoda chala, a Custódio akumwetulira kale.

"Pitani," anatero a Firmino akukweza chishalo. "Wanjinga weniweni sakwera phiri atakhala pampando. Mukandipeza pamwamba ndikukudikirani."

"Bambo Firmino," anatero mayi Idalina motsitsa mawu, "nthawi."

"Mphindi khumi zokha, mayi. Muona."

Belu linalira, tramu n'kukhotera kuseri kwa nyumba.

Poyamba anatsata njanji, akupalasa ataimirira. Timatayala tinkadumpha pamiyala, mano akugundana. Pakona yachiwiri tayala lakutsogolo linatsetserekera mumpata wa njanji, ndipo anapulumuka kugwa chifukwa chogwira khoma. Anatsika n'kuyamba kukankha. Kenako anaona kanjira kolowera kumanja kamene kankaoneka ngati kachidule, n'kukalowa. Kanjirako kanasanduka masitepe. Masitepe anabala masitepe ena, opapatiza, okhotakhota pakati pa nyumba, zovala zoyanikidwa zikuwakhudza kumutu. Njinga yopinda akanaikolekera paphewa n'kukwera nayo. Yosapindayi inkakola handulo pa chitseko ichi, pedulo pa mphika wa maluwa uwo.

Mayi wina wachikulire amene ankasenda nyemba pakhomo pake anawaitana. "Mukulowera kuti ndi chinjingacho, bambo? Uko n'kotseka."

"Ndikudziwa kumene ndikupita, mayi," anayankha akupuma mwabefu.

Kunali kotsekadi. Anatsika masitepe makumi atatu amene anali atangokwera, ndipo podutsanso pakhomo paja anayang'ana kumbali. Foni inalira m'thumba. Anali a Custódio.

"Muli pati, Amisiri? Ife tafika kalekale, tajambulitsa mpaka nkhope zatopa."

"Ndili pafupi. Ndikuona kale tchalitchi."

Sankaona tchalitchi chilichonse. Ankaona khoma ndi mphaka. Malaya anali atamatirira kumsana, ndipo mawu aja anawayeserera pagalasi ankawabwereza pa sitepe iliyonse kuti asawathawe. Ali pakati pa masitepe ena, belu la tchalitchi linayamba kulira pamwamba pawo. Anaima n'kuwerenga, ngakhale ankadziwa kale. Linalira kasanu.

Anafika pamwamba patadutsa mphindi makumi awiri. Anzawo anali atakhala pa kakiyosiki chapatali akumwa zoziziritsa kukhosi. Mayi Idalina anali okha pabenchi pansi pa mitengo ya paini, njinga yawo yopinda ili pamapazi, foni ili pamiyendo. Kutsogolo kwawo mzinda wonse unali utayalidwa, madenga ofiira kutsetsereka mpaka kumtsinje, monga momwe a Firmino anaganizira.

"Khalani, mupume," anatero mayiwo.

Anakhala. Mpweya utabwerera anayamba. "Mayi Idalina, ine ndili ndi mawu. Ndakhala nawo nthawi yaitali. Ndinkafuna..."

"Ndamuimbira Hélder," anawadula modekha. "Ndadikira mpaka belu lomaliza. Ndamuuza kuti ndikubwera kumapeto kwa mwezi."

"Muimbireninso. Muuzeni kuti munalakwitsa."

"Adzukulu anga anali pomwepo, bambo Firmino. Ndawamva akukuwa, akulimbirana kuti ndani azigona kwa agogo. Mwana ukamuuza kuti ukubwera, sumubwezanso mawu." Anapukuta foni ndi chala, ngakhale inalibe fumbi. "Lero ndakusungirani malo katatu. M'sitima, ku Belém, ndi pa chakudya. Kachinayi ndaima pakhomo la tramu ngati wopempha. Ndinati bambowa akundithawa, akusowa njira yondiuzira kuti ndizipita. Ndinati ndisawavutitse."

"Kukuthawani? Ine?" A Firmino anayang'ana njinga ija, itatsamira pabenchi ndi riboni yake yakuda ndi thukuta la m'manja. Ndipo pamenepo, nthawi itatha kale, mawu amene anawakanika moyo wawo wonse anatuluka mosavuta. "Mayi, njingayi sindidziwa kuipinda. Ndayesa dzulo masana onse. Yandikanika."

Mayi Idalina anadzuka, anawerama, anapisa chala pansi pa chogwirira chija n'kukankhira kumbali kabatani kakuda, kakang'ono ngati njere ya nyemba. Chogwirira chinatseguka chokha. Anatsitsa chishalo, anagoneka handulo, anapinda msana, ndipo njinga inakhala phee pamapazi a a Firmino ngati kagalu. Sizinatenge ngakhale theka la mphindi.

"Ndi kameneka," anatero. "Kamateteza kuti isapindike muli paulendo. Ndinakuuzani Lachitatu kuti ili ndi kachinsinsi."

A Firmino anayang'ana kabataniko. Ankafuna kuseka, koma chimene chinabwera chinali china, ndipo anatembenukira kumtsinje.

"Mukanandiuza ku Belém, bwenzi titaseka, n'kudya makeke athu," anapitiriza mayiwo, mawu awo atalemera. "Sindikukunyozani ayi. Ndinkakufunani, ndipo mukudziwa. Koma ndakhala pano ndikuganiza. Ife takula, bambo Firmino. Kutsogoloku kuli matenda, kuli kugwa m'bafa, kuli kuiwala. Munthu amene sangandiuze kuti kabatani kamuvuta, tsiku limene adzamve kupweteka pachifuwa adzandiuza?"

A Custódio anabwera ndi botolo la madzi, pakamwa patakonzeka kale ndi nthabwala, koma ataona nkhope ziwirizo ndi njinga yopinda ija, anangoika botolo pabenchi n'kubwerera. Aka kanali koyamba m'mbiri ya kagulu kuti a Custódio abwerere ndi mawu awo.

Potsika, onse asanu ndi atatu anakwera tramu. M'sitima yobwerera a Firmino anakhala pampando ngati uja unkawadikira m'mawa, njinga ili pansi pa miyendo, mayi Idalina ali pambali pawo. Anakambirana za nyengo ya ku Lyon ndi za amene adzasamale mitengo ya mandimu ya kuseri kwa nyumba ya mayiwo. A Firmino anati adzaithirira okha.

Kumapeto kwa mwezi ananyamula masutukesi a mayi Idalina kuwaperekeza kusiteshoni, ndipo mandimu akuwathirirabe mpaka lero. Anagula magalasi. Loweruka amapalasabe ndi anzawo, ali kumbuyo okha, ndipo munthu watsopano akabwera ndi njinga yopinda, iwo ndiwo amayamba kugwada n'kumuonetsa kabatani, asanafunse n'komwe. Akafunsidwa chimene sadziwa, amati sadziwa. Phunziro analigwira bwino lomwe, kungoti mphunzitsi anali atapita.

Masitepe a Graça sanawalande kanthu a Firmino, ngakhale woyendetsa tramu kapena mwana wa ku Lyon. Thandizo linali pafupi tsiku lonse, litanyamula kakeke papepala, likungodikira mawu awiri. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa yamanyazi idafera kuuna.